Khutu Lakumanzere la a Mwati

A Mwati anacheka matabwa zaka makumi awiri, mpaka phokoso la makina linawagonthetsa khutu lakumanzere. Dzinali anawapatsa ndi anzawo, chifukwa ukawalankhula ankangoti, "Mwati?" Iwo sanadandaule. Akazi awo akayamba kuwerenga ntchito zapakhomo, ankawatchera khutu lakufalo n'kumagwedezera mutu mwaulemu.

Msana utayamba kuvuta, anapeza ntchito yodyetsa anapiye pa labotale yofufuza za makutu. Tsiku lina adokotala a pamenepo, mayi wa magalasi wolankhula motsitsa, anawafotokozera ntchito ya anapiyewo.

"Bambo, mkati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tsitsi, ndi timene timamva mawu. Timaseloti tikafa mwa nkhuku, maselo oyandikana nato amagawikana n'kubala tina. Mwa munthu amangokhala phee. Ndiye tikuwathira timadzi tokulitsa maselo, tione ngati angadzuke."

"Akadzuka?"

"Khutu lanulo lidzamvanso."

A Mwati anatuluka thukuta. Koma pakamwa sipasunga, nkhaniyo anakaiulula okha kunyumba. M'mawa mwake akazi awo anatulukira pa labotale atavala zakutchalitchi.

"Adokotala, awa ndi amuna anga. Athireni lero lomwe. Botolo lonse."

Adokotala anabisa kuseka ndi dzanja. "Mayi, padakali patali. Pano maselowo akugawikana m'mbale mokha, ndipo ndi ochepa. Komanso akagawikana mopitirira muyezo angasanduke chotupa."

"Mwamva?" a Mwati analumpha. "Chotupa! Mukufuna kundipha?"

Akazi awo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Abambo, adokotalawa aima kumanzere kwanu, akulankhula ngati ali pamaliro, koma chotupa mwachimva bwinobwino. Ine ndimakuwa mpaka agalu a aneba kuuwa."

A Mwati anayang'ana anapiye, anapiye anayang'ana kumbali.

Mtendere wawo unachepa kuyambira tsikulo, koma ntchito sanasiye. Anakhalapo zaka zina zisanu ndi chimodzi. M'mawa uliwonse, asanatsuke zomwera za anapiye, ankasuzumira pakhomo pa adokotala.

"Maselo aja adzuka bwanji?"

"Akadali aulesi, bambo."

"Musawakakamize," ankatero a Mwati, nkhope ili yachisoni kwambiri. "Nawonso anatopa."