Wailesi ya apongozi

Chaka chimene amuna anga anagula kagalimoto kakale ka pikapu atagulitsa fodya, amayi anga anali ndi bala pamwendo kwathu ku Magodi. Khasu linawatema, bala n'kukana kupola. Uthenga utatipeza ku Mphamba, kumene ndinakwatiwa, tinagwirizana kuti m'mawa mwake tikawatenge, tipite nawo kuchipatala ku boma.

Masana omwewo apongozi anga aamuna anatulukira ndi wailesi ya m'galimoto atakulunga m'chitenje. Kwa iwo galimoto yopanda wailesi inali ngolo chabe.

"Adada, tiyembekezeko makanika," anatero amuna anga, mawu ali pansi.

"Makanika wa chani, iwe? Mawaya awili chabe. Bweletsa mpeni."

Ine ndinkaswa mtedza pakhonde, zonse ndikuziona. Apongozi atatsegula pansi pa chiwongolero munagwa makoko a mtedza, zitosi za makoswe ndi kakhoswe kouma. Anakatola ndi dzanja n'kukataya, dzanja lomwelo n'kutengera waya kukamwa. Ankasenda ndi mano, kulavula, kupota, n'kumanga ndi pulasitiki ya shuga. Waya wina wofiira unawatchinga, iwo anangoudula. Ndinafuna kuwaletsa. Koma kumeneko mtengwa salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso, nanji kuwadzudzula. Ndinakokera amuna anga kuseri kwa nkhokwe n'kuwakumbutsa za amayi. Anandiyankha kuti, "Ngati uli na mphamvu, kawauze ndiwe."

Wailesi inalira ndithu. Amuna a m'mudzimo anaunjikana pagalimoto ngati pamowa, kumvera mpira ndi nyimbo mpaka dzuwa kulowa, injini ili chete.

M'mawa kiyi anangoti kha. Anakankha galimotoyo mpaka kudambo, osadzuka, koma kutulutsa utsi wonunkha pulasitiki. Makanika atabwera anati zimene zapsa zikafunidwe ku Chipata. Mmene uthenga woti galimoto yafa unkabwerera ku Magodi n'kuti masiku atapita. Mlongo wanga anawabweretsa amayi kuchipatala pangolo ya ng'ombe, ntchentche zikulondola nsanza ya pamwendo. Fungo lake sindidzaliiwala. Mwendowo anaudula m'munsi mwa bondo. Palibe anatchula za waya wofiira uja, ngakhale amuna anga.

Tsiku lotuluka m'chipatala galimoto inali itakonzedwa. Apongozi anati nawonso apita kukatenga asebele awo, amayi angawo, ndipo anakhala kutsogolo ngati mwini wake. Ine ndi amayi tinakhala kumbuyo pamphasa, fumbi likutimwa, chitenje chawo chitangolendewera pamene panali phazi. Tili m'njira wailesi inakwera mawu, apongozi n'kutulutsa mutu pawindo, nkhope ili mwee.

"Asebele! Mukumvela? Igwila na Malawi iyi!"

Amayi anadzikoka kukhala tsonga, nawomba m'manja mwaulemu wonse.

"Yewo, asebele, tikupulika."

Ine ndinatembenukira kumsewu n'kulavula.