Manja Awiri a Mayi Maryam

Mayi Maryam a ku Chikweo ndinawadziwa chifukwa cha kulakwa kwanga, ndipo mpaka lero ndikawakumbukira manyazi amandigwira.

Ine ndine Elliam, ndimapanga mapulogalamu a m'foni ku kabungwe kena kothandiza alimi a thonje ku Balaka. Pulogalamu yathu inali yosavuta. Mlangizi wa kumudzi amajambula tsamba lodwala, foni n'kutumiza chithunzicho kwa katswiri wathu, ndipo pakapita mphindi zingapo yankho limabwera pagalasi: ndi tizilombo takuti, poperani mankhwala akuti. Alangizi analipo khumi ndi anayi. Onse mayankho ankawafika, kupatula mmodzi.

Mayiwa anali ndi zaka zoposa makumi asanu. Amuna awo anamwalira kalekale, ana anabalalikira ku Joni ndi ku Lilongwe. Sukulu analekera sitandade eyiti, koma thonje analikulira, moti tsamba ankalidziwa kuposa ife a mapepalafe. Ankayenda pa njinga yopanda mabuleki akumbuyo, mpango uli kumutu, foni atakulunga m'kapepala ka shuga kuopa fumbi. Ulangizi ndiwo unali ulemu wawo m'mudzimo.

Bwana wathu anatopa ndi madandaulo a alimi. "Zikapanda kuyenda pofika Lachisanu, tiwalande foniyo tipatse wachinyamata," anatero. Woyamba kuvomereza ndinali ine, osanama ayi. Pulogalamuyo ndinali nditaiyesa kambirimbiri patebulo langa ndipo inkayenda bwinobwino. Ndinangoti basi, ukalamba, zala zikudina polakwika.

Lolemba Mayi Maryam anandiimbira. "Achimwene, bwerani mudzaone ndi maso anu. Ine sindinama."

Ndinapita monyinyirika, pa minibasi kudzera ku Liwonde mpaka ku Nsanama, kenako pa njinga yamoto. Ananditengera kumunda wa Che Akimu, bambo wachikulire amene anali atadikira yankho milungu itatu. Masamba a thonje lawo anali atapotana, ena atayamba kale kuyoyoka.

Mayi Maryam anajambula bwino lomwe, anadina potumizira, kachizindikiro kodikira kanayamba kuzungulira. Palibe chimene analakwitsa. Kenako anagwada, anagoneka foni chopingasa m'manja awo onse awiri, n'kuipereka kwa Che Akimu kuti aone tsamba lawo. Chithunzi chinatembenuka kutsatira foniyo, ndipo kachizindikiro kaja kanazimiririka.

Mayo ine! Ndinangogwira pakamwa. Foni ikatembenuzidwa, imafufuta zonse zili pagalasi n'kuziyala mwatsopano. Ine yankho ndinaliuza kuti lizibwerera kwa zakale zija, ndiye likafika linkapeza kulibe wolilandira, ngati munthu wobweretsa uthenga pakhomo pamene eniake asamuka. Zimenezi ndinaziphunzira kale ndithu, koma patebulo langa panalibe munthu wamkulu woti ndimugwadire. Alangizi enawo, anyamata okhaokha, foni ankaigwira choimika ndipo mlimi sankaikhudza n'komwe.

Pamenepo ndinawonjeza kupusa kwina. Ndinafuna chidule. "Mayi, vuto ndalipeza. Basi musamapereke foni kwa alimi. Muziigwira nokha choimika mpaka yankho lifike."

Anandiyankha osakwiya. "Mundawu ndi wawo, tsamba ndi lawo. Ndijambule chinthu cha munthu wamkulu ndiye ndimubisire? Iyayi, achimwene. Ngati ntchitoyi ikufuna zimenezo, tengani foni yanu." Anandipatsira foniyo ndi manja awiri, monga anachitira kwa Che Akimu.

Sindinailandire. Ndinachita manyazi moti ndinasowa poyang'ana.

Nditabwerera ku Balaka ndinakhalira pulogalamuyo masiku awiri. Ndinakonza kuti yankho lizifikira pamalo ena m'kati mwa foni, posafufutika, ndipo galasi likayalidwanso lizikatenga pamenepo. Chovuta kwambiri sichinali chimenecho. Chovuta chinali kulowa muofesi ya abwana Lachinayi n'kunena pamaso pa anzanga kuti wolakwa ndine, mayi aja sanaphonyepo ngakhale kamodzi. Foni sanawalande.

Sabata yotsatira ndinapitanso ku Chikweo. Anajambula, anagwada, anapereka. Chithunzi chinatembenuka, kachizindikiro kanapitiriza kuzungulira, ndipo yankho linafika foni ili m'manja mwa Che Akimu. Mayi Maryam anawawerengera m'Chiyao. Mkuluyo anagwedeza mutu, n'kuyang'ana munda wake umene theka linali litapita kale. Yankholo linali lomwe mayiwa ankaliganizira kuyambira tsiku loyamba, koma ifeyo tinawalamula kuti asamatchule mankhwala katswiri asanayankhe, ndipo iwo anamvera.

Ndinapepesa. Che Akimu anangoti, "Chaka chamawa," basi. Zinandipweteka kuposa akanandikalipira.

Mayi Maryam akadali mlangizi, njinga yake ndi yomwe ija. Ine tsopano pulogalamu iliyonse ndisanaitulutse ndimadzuka pampando, ndimagwada pansi muofesimo, n'kupereka foni kwa mnzanga ndi manja awiri. Amaseka, amati Elliam wayamba kufunsira mbeta. Ndimangowasiya aseke, iwo munda wa Che Akimu sanauone.