Mlenje wa mbewa akagula uta

Ndinatuluka pageti la nyumba ya bwana ku Al Waab, mumzinda wa kutsidya kwa nyanja komwe ndili paganyu, cha m'ma naini koloko m'mawa, Loweruka lina la mu Seputembala, ndipo ndisanafike n'komwe pamsewu malaya anali atamata kale kumsana. Magalimoto onse awiri anali atachoka, ina ndi bwana, ina ndi adona, choncho ine dalaivala wa zaka zinayi pakhomopo ndinali wapansi. M'thumba munali envulopu ya ndalama, m'mutu muli ntchito yomwe sindinkaidziwa mutu wake: kukagula uta wosakira agwape.

Mlanduwu ndinaupalamula ndekha. Chaka changa choyamba bwana anandifunsa ngati kwathu ndinkasaka nyama, ine n'kuyankha kuti inde, monga timayankhira mabwana. Sikuti ndinanama kwenikweni. Kwathu ku Mponela ndakumbapo mbewa zosawerengeka, ndipo njiwa zinkaidziwa legeni yanga. Koma bwana anamva za mikango, ndipo kuchokera tsikulo mlendo aliyense amauzidwa kuti dalaivala wapano ndi mlenje. Ndiye anzawo atawaitana kukasaka agwape ku Ulaya mwezi wa Okutobala, wotumidwa anali wodziwikiratu.

"Usagule wotchipa, anzanga akandiseka," anatero usiku wake. "Usagule wodula, mwina masewerawa andikana. Wapakati. Msinkhu wathu ndi semusemu, ndife ofanana, ukayese pa iwe. Ukabwera nawo wabwino tikambirana za tchuthi chako, inshala, Mulungu akalola."

Tchuthicho ndicho chinkandiyendetsa. Mwana wanga woyamba, Tamanda, akukwatiwa Loweruka lachitatu la Okutobala, ndipo pepala langa lopempha kupita kumudzi lakhala patebulo la bwana kuyambira Juni. Ndinkawerengera chonchi: mwini galimoto akapita ku Ulaya, dalaivala atsalirenji?

Sitima yapansi pa nthaka inandidya mariyali awiri mpaka ku Al Aziziya, komwe kuli nyumba yaikulu ya masitolo. Musitolo ya zamasewera ndinapezamo mauta, inde, koma a ana, mivi yake yokhala ndi timphira tomata pagalasi. Mlonda wapakhomo anandimva ndikudandaula ndekha m'Chichewa, n'kundiyandikira. Anali Sakala, mnyamata wa ku Chipata.

"Mudala, uta wa chani muno? Nyama ili kuno ni mphaka chabe."

Ndinamufotokozera zonse, za mbewa zomwe. Anaseka mpaka kugwira khoma.

"Muli mu pulobulemu, mudala. Yendani ku suku, kwa baja bogulisa vosakila. Koma yala, fulumilani, bavala manje manje."

Sindinafulumire mokwanira kuti ndipeze asanatseke. Ndinalipiranso mariyali awiri, n'kutsika pa Souq Waqif, suku ankanenayo, msika wakale wa mumzindawu, itapitirira thwelofu. Zitseko zinali gwa, mpaka folo koloko. Dzuwa la kuno masana silikambirana ndi munthu. Ndinagula chapati cha dzira ndi tiyi wamkaka yemwe kuno amati karaki, mariyali anayi, n'kubwerera kunsi kusiteshoni kukabisala pabenchi pomwe pali mphepo yozizira. Ndinakhala pamenepo maola atatu ndi theka ndikuwerenga nsapato za anthu. Ndinatopa, abale, kutopa kwa munthu amene sanagwire ntchito iliyonse.

Ndili pomwepo foni inalira, uthenga wa mawu wochokera kwa mayi a kunyumba. "Bambo a Tamanda, atelala akufuna adule nsalu ya suti yanu Lolemba. Komanso ankhoswe akufunsa tsiku lomwe mukutera. Tiwauze chiyani?" Ndinayankha kuti ndiwauza madzulo.

Folo itakwana ndinalowa musitolo ya zosakira, yonunkhira lubani, pansi pali kapeti woti munthu umaopa kupondapo. Uta womwe unali pakhoma mtengo wake unali mariyali zikwi zisanu ndi zitatu. Wogulitsayo anayang'ana nsapato zanga, kenako nkhope yanga, n'kuona kuti sitigulana. Koma anali munthu wabwino. Anandilembera papepala sitolo ina ya cha ku msewu wa Salwa.

Takisi inandidya mariyali makumi awiri ndi asanu. Sitoloyo inali yaing'ono, pakati pa ogulitsa matayala ndi ometa tsitsi, ndipo munali bambo wa ku Philippines dzina lake Rodel. Anayala mauta atatu patebulo. Sanali mauta a ndodo ndi chingwe omwe ine ndinkaganiza. Awa ali ndi timawilo kunsonga, zingwe zopingasana ndi kagalasi kolozera, kungokhala ngati njinga yomwe yagundidwa ndi lole.

Wotchipa unali mariyali mazana asanu ndi anayi. Rodel anaponya nawo muvi pachandamale chakumbuyo, chingwe n'kulira kuti thwaa. Anati gwape amamva phokoso limenelo n'kudumpha muvi usanafike. Izi ndinazimvetsa, ngakhale mbewa siidikira munthu waphokoso. Wodula unali wopepuka ndi wachete, koma wa zikwi zisanu ndi chimodzi. Wapakati, wa zikwi ziwiri ndi theka, unali wolemererako, koma mphamvu yake yokokera umatha kuichepetsa kapena kuiwonjezera ndi sipanala. Anandipatsa atauika pamphamvu yonse, ndipo ndinakoka mpaka misempha ya m'khosi kutuluka, chingwe osafika pa tsaya. Ndinakumbukira kuti bwana cholemera chomwe amanyamula ndi foni, ndiye ndinati achepetse ndithu.

Rodel anandiyeza mikono nditatambasula, n'kulemba. Kenako anafunsa funso lomwe sindinaliyembekezere.

"Bwana wako amakoka ndi dzanja liti? Lamanja kapena lamanzere? Mauta ake ndi osiyana. Ndikangoukonza, halasi, zatha, subwezedwa."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene lamanja, n'kutsekanso. Bwana amalemba ndi lamanja, kudya ndi lamanja, kupereka moni ndi lamanja. Koma m'mawa uliwonse kwa zaka zinayi amandiponyera makiyi a galimoto ali pakhonde, ndipo amaponya ndi lamanzere, osaphonya. Ntchentche amapha ndi lamanzere. Ine zimenezi sizindidutsa, chifukwa ndinabadwa wamanzere, ndipo rula ya aphunzitsi a sitandade wani inandiwongola mpaka ndinaphunzira kulemba ndi dzanja la eni. Koma legeni ndinkakokabe ndi lamanzere.

Ndinaimbira bwana kawiri, osayankha. Wamanzere wapakati unalipo umodzi wokha. Ndikalakwitsa, ndataya ndalama za bwana pa chinthu chosabwezeka, ndipo za tchuthi ndiiwale. Ndinaima pamenepo, Rodel akugogoda tebulo ndi cholembera.

"Wamanzere," ndinatero.

Ndinabwerera pa takisi ina ya mariyali makumi atatu, bokosi lalitali lili pamiyendo. Ndinafika ku Al Waab dzuwa litangolowa, bwana atangobwera kumene ku mzikiti. Anatsegula bokosilo pabwalo pomwepo n'kugwira uta monga anaonera pa mavidiyo, kuti akoke ndi lamanja. Chogwirira chinawakana, kagalasi kali mbali ina. Nkhope inasintha.

"Ichi n'chiyani? Wagula chopindika?"

"Tasinthani manja, bwana."

Anandiyang'ana, kenako anasintha. Chingwe chinabwera chokha mpaka pa tsaya, bwinobwino, ngati akhala akuchita zimenezi moyo wawo wonse. Anachibweza pang'onopang'ono.

"Anakuuza ndani?"

"Makiyi, bwana."

Anayang'ana chikhatho chawo chamanzere. "Agogo anga ankandimanga dzanja ili kumbuyo nthawi ya chakudya," anatero motsitsa mawu. "Ngakhale mkazi wanga sadziwa." Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinaona kuti nthawi yotchula pepala langa ndi imeneyi. Koma anandiyambirira, nkhope ili ngwee.

"Diso la mlenje! Halasi, tipitira limodzi. Masabata atatu, kuyambira pa teni Okutobala. Tchuthi chako Disembala, tikiti ndigula ine."

Mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndiye ndinalimba mtima, ngakhale ndinali nditachedwa ndi zaka zinayi.

"Bwana, ine si mlenje. Kwathu ndinkasaka mbewa. Mbewa, zazing'ono chonchi." Ndinaonetsa ndi zala. "Ndipo mwana wanga akukwatiwa mwezi wa Okutobala womwewo."

Bwana anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu ya kumutu. Anati alenje enieni onse amadzichepetsa choncho. Za ukwatizo anati tiona, inshala, koma apo n'kuti foni ili kale kukhutu, akuuza mnzawo za mbewa.

Ndinalowa m'kachipinda kanga kuseri kwa galaja n'kuvula nsapato. Tsiku lonse ndinkaopa kulakwitsa, osadziwa kuti kwa munthu waganyu kukhoza nakonso kumapweteka. Inde mmodzi uja yemwe ndinamunena mwaulemu pamsewu wakula mpaka kundikhalira pampando wa bambo wa mkwatibwi. Ndinatenga foni, n'kujambula mawu katatu, katatu konse n'kufufuta. Kachinayi ndinangoti, "Mayi a Tamanda, auzeni atelala ayambe adikira kaye, asadule nsaluyo."