Tsiku Limene Asisitere Kunalibe

Mwana wanga woyamba anabadwira m'nyumba, ku Chibanja, m'miyezi ija mvula ya ku Mzuzu imagwa osapumira. Bambo ake kunalibe. Boma linali litawatumiza ku Blantyre kukaphunzira za ntchito yawo ya ukalaliki, miyezi isanu ndi umodzi, ndipo masiku amenewo munthu sunkayankha boma kuti dikirani kaye mkazi wanga achire. Amene anandithandiza kuchira ndi apongozi anga, mayi awo a amuna anga, omwe anabwera kuchokera kwathu ku Dowa ndi kathumba ka ufa komanso malamulo odzaza dengu.

Lamulo lalikulu linali ili. Kwathu khanda timati ndi lozizira. Mpaka bambo ndi mayi ake atalitengera kumphasa, munthu wotentha, ndiye kuti aliyense amene akukhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi wake, saloledwa kulikhudza. Akalikhudza limadwala tsempho: kutupa masaya, kutupa miyendo, kenako maliro. Tsono wanga akanatengedwa bwanji bambo ake ali ku Blantyre? Mankhwala osambitsa mwana bambo akakhala kutali aliko, koma apongozi anati mitengo ya ku Mzuzu saidziwa, ndipo sangakafunse Atumbuka zinthu za m'banja mwathu. Choncho anangokhala pakhomo ngati mlonda. Amayi a kutchalitchi akabwera ndi sopo ndi nkhuni, mwanayo ankamuonera pazenera.

Ine sindinkatsutsa. Ndinakulira momwemo, ndipo tsempho ndinkaliopa ngati wina aliyense. Chimene chinandisintha ndi khoma la nyumba yathu. Tinkakhala nyumba yogundizana ndi banja lina la ku Nkhata Bay, ndipo khanda lawo la miyezi inayi linagwidwa ndi chifuwa chokoka mtima. Linkatsokomola mpaka mpweya kutha, n'kukhala chete nthawi yaitali, ine kuno nditaima ndi chipande m'manja kudikira kuti lipumenso. Anapita nalo kuchipatala Lachiwiri. Loweruka mayi ake anabwerako ndi nsalu yoberekera yokha.

Wanga anali atangokwana milungu isanu ndi umodzi, nthawi imene pawailesi ankati mwana ayambe katemera wa chifuwa chomwecho. Nditawauza apongozi, anandiyang'ana ngati ndapenga. Kusikelo? Kumene manja a dziko lonse amagwira mwana? Anati tidikire bambo ake, yatsala miyezi inayi yokha. Mawu akuti “yokha” amenewo anandipsetsa mtima, koma ndinameza.

Ndinalembera amuna anga. Yankho linabwera patatha masiku khumi, ndipo ndikulikumbukira bwino chifukwa ndinaliwerenga kasanu kufuna kupeza pamene aima. Anati katemera ndi wofunika kwambiri, mwana abayidwe msanga. M'munsi mwake anati koma amayi ndi akuluakulu, ndisawanyoze, ndichite zimene anena. Amuna anga anali munthu wabwino, Mulungu awasunge kumene ali, koma mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wovumbwa anali ine ndi mwana.

Nzeru inandibwerera ndikuchapa matewera pakhonde. Ndinaona sisitere wina wachikulire wa Chikatolika, wa aja osakwatiwa, ambulera m'manja, akulowa kwa anansi athu aja kudzawapepesa. Ndinali nditamva kuti ndi amene amabaya ana kuchipatala cha amishoni. Ndinasiya matewera m'beseni.

“Amayi,” ndinatero nditagwada pakhomo, “kodi sisitere ndi wotentha kapena wozizira?”

Apongozi anaseka, kuseka koyamba chibwerere ku Mzuzu, mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

“Inu amake mwana, sukulu idakuonongani. Koma apa mwanena zoona. Amene aja ndi ozizira kuposa ine.”

Tinapangana kuti mwana ndimubereka ine, pasikelo ndimukweza ine, ndipo womubaya akhala sisitere basi. Sitinali a mpingo wawo, ndipo chipatala cha boma chinali pafupi, koma tinasankha ulendo wautaliwo. Ndinadzimva wochenjera kwambiri sabata imeneyo, sindibisa.

Tinanyamuka m'mawa, kukuwaza mvula, matope ofiira akumata m'mapazi. Pamsewu anyamata a malaya ofiira anatiimitsa kufuna makhadi a chipani, ndipo apongozi anatulutsa lawo ali chotalikira, dzanja lina litatchinga kumbuyo kwanga. Pamzere wa kusikelo anachitanso chimodzimodzi. Mayi aliyense wofuna kusuzumira ankakumana ndi chigongono chawo. Mwana ndinamulowetsa ndekha m'kathumba ka sikelo, bambo woyeza anangowerenga manambala n'kulemba pakhadi. Zonse zinkayenda monga tinapanganira, mpaka tinalowa m'chipinda chobayira.

Munalibe sisitere. Munali namwino wachitsikana, mphete ili pachala, mimba ili kutsogolo, yunifolomu mabatani akuchita kukana.

“Monire amama. Mwana wali makora? Bwerani naye kuno.”

“Asisitere ali kuti?” ndinafunsa.

“Aluta ku Nkhata Bay, kuli outreach. Two weeks, mwina kuposa.”

Apongozi anandikoka chitenje. “Tiyeni. Tidzabwera akadzabwera eni ake.”

Panja, pamzere umene tinachokapo, mwana wina anayamba kutsokomola. Mwina chinali chifuwa wamba, sindikudziwa mpaka lero. Koma wa anansi athu uja sanathe ngakhale sabata imodzi, ndipo ine ndinkauzidwa kuti ndidikire masabata awiri. Chikwatiwire ndinali ndisanawayankhepo apongozi anga.

“Amayi, pepani. Lero mwanayu sabwerera wosabayidwa.”

Ndinatembenukira kwa namwino uja n'kumufotokozera zonse mosabisa, kuti mwana sanatengedwe, bambo ake ali kutali. Ndinkayembekeza kuti atiseka kapena atikalipira, poti anamwino ena pakamwa pawo sipaphwa. Iye anangogwedeza mutu.

“Palije suzgo, palibe vuto. Na kwithu viliko ivi, apongozi anga ndi chimodzimodzi. Khalani apo. Inu mugwira ntchafu, ine ndigwira jakisoni yokha pera.”

Anandipatsa kathonje konyowa, ndinapukuta ndekha pamene anandilozera. Anandionetsa pa mkono wake mmene ndingatsinire mnofu. Ndinatsina. Kantchafu kake kankangodzaza zala zanga ziwiri.

“Kolani makora, mama. Gwirani zolimba chomene.”

Ndinagwira, koma mwana wanga anali ndi mphamvu za bambo ake. Singano itangolowa anakuwa n'kuponya mwendo, ndipo unapulumuka m'dzanja langa. Namwino, singano ikadali m'thupi, anagwira bondo lija ndi dzanja lamanzere n'kulipanikiza mpaka anamaliza. Palibe china akanachita. Sizinatenge nthawi, koma ndinaona, ndipo nditatukula maso ndinapeza apongozi akuyang'ana pomwepo.

“Phepani,” anatero namwino motsitsa mawu. Anadonthetsera mwana mankhwala ena m'kamwa, n'kundiuza kuti atentha thupi madzulo, mwina pobayapo patupa, ndisachite mantha. Analemba tsiku lobwerera pakhadi. Ndinathokoza kuti yewo, mawu okhawo a Chitumbuka amene ndinkawatha.

Njira yonse yobwerera apongozi anali patsogolo, ine pambuyo. Ndinkadziwa chimene chinkandidikira mwanayo akadwala. Kwathu mwana akatupa, bambo ake ali kutali, anthu safunsa za namwino. Amafunsa kuti mayi ake ankayenda ndi ndani.

Ndinene pompano kuti mwana wanga sanadwale tsempho. Thupi linazizira tsiku lachitatu, jakisoni zotsalazo anazilandira pa masiku ake, ndipo chifuwa chija chinayenda mu Chibanja mpaka mvula kutha koma iye sichinamukhudze. Lero ndi bambo wa imvi zake. Ndachita zambiri pamoyo wanga, ndaphunzitsa ana asanu, ndamanga nyumba ku Msongwe, koma palibe chimene ndimanyadira kuposa kukana kuja m'kachipinda konunkha mankhwala, ndili ndi zaka makumi awiri zokha.

Koma masana amenewo zonsezi sitinkazidziwa. Dzuwa litapendeka mwana anatentha, akukana bere, ndipo nditamuvula thewera ndinapeza ntchafu ija yatupa, yafiira, yauma gwa. Mawu a namwino onse anathawa m'mutu mwanga. Ndinakhala pamphasa n'kuyamba kulira, ndikudziuza kuti ndamupha ndekha ndi makani anga.

Apongozi analowa, anakhala pambali panga. Anasisita ntchafuyo ndi chala, anayang'ana masaya, anayang'ana mapazi. Ndinkadikira kuti anene kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo ndikanavomera.

“Ndidaona,” anatero. “Adamugwira bondo.”

“Inde, amayi.”

Anapita kukanyowetsa kansalu m'beseni, anakafinya, n'kukaika pamphumi pa mwana.

“Lekani kulira, mkaka ungathawe. Likakhala tsempho, amuna anu ndikawauza ndekha, ndi kumudzi komwe. Ndikati ndidali pomwepo, ndipo ndidalola ndine. Inu dzina lanu lisamveke.”