Manja a ba Estina ali m'chitenje

Mukatsika minibasi pa Chinyunyu mudzaona mayi wogulitsa nthochi, manja atawabisa m'chitenje ngakhale dzuwa liswe mtengo. Amenewo ndi ba Estina. Anthu pano amati ngonyada, ndipo ine ndikamva zimenezo mtima umandiwira, chifukwa ndinalipo.

Ba Estina anakaphunzira ntchito yotikita thupi ku Lusaka, miyezi isanu ndi umodzi. Anabwerako ndi kope lodzaza zithunzi za minofu ndi mitsempha. Koma manja aja, amayi inu! Ba Maybin, amene msana unauma ndi matumba a makala, anangowatikita katatu, munthu n'kuyambanso kuwerama. M'kopemo munali tsamba la inki yofiira limene ankakonda kutiwerengera pamsika: mwendo umodzi ukatupa, n'kutentha, n'kumapweteka m'katumba, osaukhudza. Magazi amakhala ataundana mumtsempha, ndipo ukatikita amathothoka n'kukatseka m'mapapo.

Kenaka mlamu wawo Misozi anachira, mwana wamkazi. Kwathu kuno mayi akachira timamuthowa ndi nsalu ya madzi otentha kuti thupi libwerere. Tsiku lachisanu mwendo wakumanzere wa Misozi unatupa. Amayi ake, amene ndi apongozi a ba Estina, anandituma madzi kukasupe wotentha wa pa Chinyunyu pompano, n'kuitanitsa mtengwa wawo wophunzirayo.

Ba Estina atangouona mwendowo anabwerera m'mbuyo.

"Amayi, uwu si wothowa. Tipite naye kukiliniki ku Rufunsa."

"Ana asanu ndi atatu ndabereka ine, ndipo konseko ndinathowedwa," anatero apongoziwo. "Kapena manja anuwo ndi a mabwana a ku Lusaka okha?"

Azimayi tinali titadzaza m'nyumbamo. Mtengwa angabweze mawu a apongozi pamaso pa anthu? Ba Estina anayang'ana pansi, anagwada, n'kunyika nsalu. Anathowa, anatikita kuchokera kuchidendene kukwera m'mwamba. Beseni ndinagwira ndine, ndipo tsamba lofiira lija ndinkalidziwa. Sindinatsegule pakamwa, chitsiru ine.

Misozi anati wapepukidwa, mpaka anaseka. Dzuwa lisanapendeke anayamba kubanika, dzanja lili pachifuwa. Amuna ake anaimitsa galimoto pamsewu, koma ku Rufunsa anafika ndi mtembo.

Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Awa agonera zaka zinayi, sanakomebe.

Pamaliro palibe anawaloza chala ba Estina. Apongozi anachita kuwathokoza pagulu, amvekere mtengwa wanga anayesetsa. Bola akanawatukwana! Nesi wina anawauza kuti mwina magaziwo akanathothoka okha, koma ba Estina sanamve. Chiyambire tsiku limenelo sanatikitenso munthu. Wobwera ndi msana kaya bondo amangomuuza kuti apite kukiliniki, ndiye kunyada kumene anthu amanenako.

Mwana wa Misozi, dzina lake Mapalo, akuleredwa ndi ba Estina omwewo. Sabata yatha anagwa akuthamanga kuseri kwa matebulo athu, n'kubwera akulira, atakweza kamwendo.

"Ba anti, nditikiteni apa."

Ba Estina anatulutsa manja m'chitenje, anawayang'ana, n'kuwabwezanso.

"Amake Lucky," anandiitana ine, "mugwireni ndinu mwanayu."