Kabelu ka Apwitikizi

Pamwamba pa kabati yathu ku Mabopane pankakhala kabelu kamkuwa kothyoka chogwirira. Anabwera nako ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ankagwira ntchito ya m'gadeni kwa Mzungu wina ku Pretoria North. Ankatiyendera Lamlungu lokha, pa sitima, atavala jekete yonunkhira udzu wongotchetcha kumene.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ine ndili ndi zaka khumi. M'nyengo yachisanu imeneyo, utsi wa malasha utakuta misewu, amalume ankakhala padzuwa kuseri kwa nyumba n'kumatiuza za agogo athu akalekale. Akuti Apwitikizi atafika ku Zambezi anasochera, ndipo amene anawapeza akulira m'mabango anali agogo athuwo. Ndiwo anawaphunzitsa kupalasa bwato, ngakhale kusamba kumene. Kalonga, mfumu ya Amaravi, sankayetsemula asanawafunse. Pothokoza, mkulu wa Apwitikizi anawapatsa kabeluko.

"Achimwene, sabata yatha munati anasochera pa Shire," amayi ankatero uku akuchapa.

"Anasochera kawiri, mlongo wanga. Anali anthu ogona."

Abambo ankaseka mpaka kutsokomola. Lero ndikuona kuti aliyense pabwalopo ankadziwa kuti ndi nthabwala, kupatula ine.

Kusukulu tinkaphunzira m'Chitswana, ndipo anzanga ankanditcha Mnyasa, munthu wa kwawo kosadziwika. Tsiku lina aphunzitsi akutiuza za zombo za Azungu zimene zinafika ku Cape, ndinaimika dzanja n'kunena kuti Azungu oyamba anawalondolera njira ndi agogo anga. Anati ndibweretse umboni. M'mawa mwake ndinatenga kabeluko mobisa, nditakakulunga m'sokosi kuti kasalire panjira.

Aphunzitsi anakatembenuzatembenuza, n'kukaliza kawiri. Kenako anapyapyalitsa mawu ngati dona wachizungu: "Tiyi! Fulumira!" Kalasi yonse inafa nalo phwete. Anati amayi awo anathamangira kulira kwa belu lotere zaka zambiri m'khitchini ya Azungu. Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya.

Kunyumba amayi sanabise. Dona wa ku Pretoria North anakataya katathyoka, amalume n'kukatola m'bini.

Lamlungu lotsatira amalume anandiitana monga mwa nthawi zonse: "Bwera kuno, mdzukulu wa nduna ya Kalonga!" Ndinawayankha m'Chitswana, chimene sankalola kuti tilankhule nawo, kuti ndi abodza. Ndinapita kukasewera mpira. Masabata atatu ndinachita zomwezo. Pobwerera ku sitima ankandisiyira lalanje pazenera. Ndinkadya, osathokoza.

Lamlungu lachinayi sanabwere. Apolisi anawagwira pa siteshoni chifukwa pasi yawo yowalola kukhala m'dziko muno inali itatha, ndipo patapita nthawi tinamva kuti awabweza ku Malawi. Kalata sinabwere. Sankadziwa kulemba.

Amayi analira masiku ambiri, ndipo ine ndinkadabwa. Munthu wabwerera kwawo kumene ankakutamanda Lamlungu lililonse, cholira n'chiyani? Sindinkadziwa kuti anachokako ali mnyamata, kuti makolo anamwalira iwo ali kuno, ndi kuti mtchona wofika chimanjamanja amasowa womuyalira mphasa. Sindinkadziwanso kuti munthu amene sabata yonse amamuitana ngati mwana, wa imvi zake, amafuna tsiku limodzi loti akhale mbadwa ya anthu otchuka, ngakhale mwanthabwala, pamaso pa mwana mmodzi wokhulupirira.

Tsopano ndili ndi zaka zoposa zimene amalume anali nazo nthawi imeneyo, ndipo kumene anaikidwa sindikudziwa. Chisanu chija ndinkangowerenga masiku. Ndinkaganiza kuti mkwiyo wanga ndikhoza kuusiya Lamlungu lililonse limene ndafuna, ndipo iwo adzakhala alipo, akundidikira.