Mapaundi a mu Mtsuko wa Mahrous

Ku Esna kuno palibe amene sadziwa luso la dzanja la Mahrous. Zaka makumi atatu wakhala akuponya malonda m'sitima za alendo pamtsinje wa Nailo, ndipo ngakhale omuchitira nsanje amavomera kuti sanaphonyepo. Sitima ikaima pamzere kudikira kuti chipata cha madzi chitseguke, iye ndi mlamu wake Dahi amafika ndi kabwato kawo n'kumangirira chingwe m'mbali mwake. Dahi ndi wopalasa. Mahrous amaimirira, n'kukulunga nsalu ya patebulo kapena mkanjo mu jumbo, n'kukuwa, "Madamu! Ingoonani, kuona n'kwaulere!" Jumbo ija imauluka nsanjika zinayi n'kukagwera pamapazi pa mzungu amene akuwothera dzuwa pamwamba. Mzunguyo akaikonda nsaluyo amaika ndalama mu jumbo momwemo n'kuponya pansi. Akapanda kuikonda amabweza. Malonda ake ndi omwewo, okhulupirira munthu amene sukumudziwa ndi dzina lomwe.

Anzake amalimbirana ndalama zamapepala, koma Mahrous ankakonda zachitsulo. "Pepala limamvera mphepo," ankatero, "chitsulo chimamvera ine." Sankanama ayi, mapepala ambiri tawaona akutera pamadzi eni ake akutukwana. Vuto ndi lakuti ku banki salandira makobidi akunja. Umayenera kuwagulitsa kwa operekera zakudya a m'sitima, akuba ovala tayi aja, amene pa makobidi asanu alionse limodzi amati ndi lawo. Mayuro, makobidi a ku Ulaya, Mahrous ankagulitsa choncho kuti ana adye. Koma mapaundi a Angelezi, ozungulira ndi olemera aja, sankalola kuti munthu awakhudze. Ankawaponya mu mtsuko wakale wa tchizi, pansi pa masitepe, kusungira mwana wake wamkazi mmodzi yekhayo, Rehab.

Kwathu kuno katundu wa mkwatibwi amayenda palole masana, ng'oma zikulira, ndipo amayi amatuluka m'makhonde kudzaona chimene bambo wagulira mwana wake. Furiji ikasowapo, mwanayo adzazimva kwa apongozi ake mpaka imvi. Ndiye ngakhale zaka zija sitima zinangomangidwa padoko popanda mlendo, banja likudya nyemba m'mawa ndi madzulo, Mahrous sanatsegule mtsuko. Alendo atayambanso kubwera, Angelezi ena ankamuponyera timakobidi tatsopano tamitundu iwiri, tokhala ndi ngodya. Iye ankatibweza m'mwamba ndi ukali. "Mukundiyesa mwana? Tofanana ndi paundi yathu ya dziko lino yosagula ndi mkate womweti?" Ankafuna ozungulira basi.

Tsiku la ukwati litadziwika, mkazi wake Fatheya anathira makobidi aja m'masokosi akale khumi ndi awiri n'kumanga bwinobwino.

"Bambo a Rehab, bwanji osangopita nawo kwa anyamata a m'sitima aja?"

"Kuti andimete pouma? Mayi a Rehab, ndipeza Mngelezi weniweni. Paundi kwa paundi."

Anamupezadi Lachiwiri masana. Anali mayi wachikulire wa chipewa chobiriwira, amene anagula nsalu ziwiri osanenerera mtengo. Mahrous anati mumtima, munthu wa Mulungu ndi ameneyu. Ndi Chingelezi chake cha pamtsinje anafuula kuti ali ndi ndalama za kwawo, akufuna amusinthire ndi zamapepala, ndipo anaponya sokosi imodzi kuti aone.

Mayiyo anamasula, anaseka pang'ono, kenako kuseka kunatha. Anawerama pazitsulo za m'mphepete.

"Bambo, izi mwazitenga kuti? Izi zinatha ntchito!"

"Zatani, madamu?"

"Zinatha! Kwathu sitigwiritsanso ntchito. Papita zaka ziwiri. Pano ndi izi." Anatulutsa m'chikwama kakobidi kamitundu iwiri kaja n'kukaonetsa padzuwa.

Mahrous anangoti kukamwa yasa. Anakhala pansi pamulu wa nsalu osadziwa kuti wakhala. Komweko! Kakobidi komwe wakhala akukabweza ndi chipongwe! Safunsa anadya phula, abale, ndipo uyu anadya mtsuko wonse.

"Mlamu, akuti chiyani?" anafunsa Dahi.

"Akuti ndalama zafa."

"Ndalama imafa? Yadwala liti?"

"Iwe, usandiseke lero, ndingakuponye m'madzimu."

Dahi anaona nkhope ya mlamu wake, nthabwala zinathera pomwepo. Mahrous anaimiriranso, anakweza masokosi enawo m'manja onse awiri, ndipo munthu amene sanapemphepo kanthu kwa mlendo anayamba kulira ngati wamasiye. Anatchula ukwati, anatchula furiji, anatchula zaka khumi ndi zisanu zosunga makobidiwo. Azungu ena anadzaunjikana kudzajambula.

Mayi uja anagwira pakamwa. Anati m'sitolo sizigula kanthu, koma banki yake kwawo imalandirabe kwa munthu amene ali ndi akaunti. Iye analibe ndalama zambiri m'manja, zake zinali m'khadi. "Ndipatseni ndipite nazo," anatero. "Ndikakasintha ndidzakutumizirani. Ndikulonjeza."

Nthawi yomweyo lipenga la sitima linalira. Chipata chinali chitatseguka, ndipo wantchito wa m'sitima anayamba kukalipa kuti amasule chingwe.

"Mlamu, ganiza kaye," anatero Dahi. "Munthuyu sukumudziwa."

"Nanga amene ndawaponyera nsalu moyo wanga wonse ndimawadziwa?"

Anayamba kuponya. Amene anaona tsiku limenelo amasimbabe. Sokosi yodzaza chitsulo si nsalu, ndipo sitima inali itayamba kuyenda, bwato likugwedezeka, Dahi akupalasa thukuta kamukamu. Koma masokosi khumi ndi imodzi anakwera motsatizana, iliyonse di! pamapazi pa mayiyo. Azungu anaomba m'manja ngati ali ku mpira. Mahrous anatambasula manja kuyang'ana kumwamba monga amachitira nthawi zonse akaponya, kudikira chobwerera.

Ndi pamene mayiyo anakuwa, "Dzina lanu! Nditumiza kwa yani?"

Kalanga ine! Zaka makumi atatu pa ntchito imeneyi palibe mlendo anamufunsapo dzina, ndipo iye sanaganizepo kuti lingafunike. Anakuwa "Mahrous! Mahrous wa ku Esna!" koma injini inali ikubangula, ndipo a Mahrous ku Esna tili nawo odzaza lole. Mayiyo anang'amba pepala m'kabuku kake, analemba msangamsanga, n'kuliponya.

Analiponya lokha, abale. Popanda jumbo, popanda ndi kakobidi kamodzi komwe kolemetsa.

"Ayi! Madamu, ayi!"

Pepala linatsika pang'ono, mphepo inalinyamula, linazungulira kawiri n'kukatera kumbuyo kwa sitima kumene madzi amawira. Mahrous, bambo wa zaka makumi asanu ndi zisanu, analumphira m'madzi ndi mkanjo womwe. Analipeza. Pofika nalo pabwato, panalibe chilembo ndi chimodzi chomwe, koma banga labuluu basi. Chipata chinatsekeka sitima ili mkati.

Kunyumba anafika madzi akudontha. Fatheya anali pakhomo akusankha mpunga, ndipo anayang'ana manja a mwamuna wake, kenako nkhope.

"Mapepala aja ali kuti?"

Mahrous anamupatsa pepala lonyowa lija. Anafotokoza zonse ataimirira. Fatheya sanakuwe monga iye ankayembekezera. Anaika mbale pansi pang'onopang'ono.

"Mwapatsa mzungu mtsuko wonse."

"Walonjeza."

"Dzina lake ndani?"

"Wa chipewa chobiriwira."

"Mayo ine! Bambo a Rehab, chipewa ndi dzina?"

Sitimayo inabwerera patapita masiku atatu ili ndi alendo ena. Antchito ake anamuseka. Agogo ovala zipewa amanyamula angati pa sabata? Aja anakwera ndege ku Aswan kalekale. Ine sindikuti mayiyo anali wakuba, ayi. Mwina mpaka lero ali ndi envelopu patebulo, akusowa cholemba pamwamba pake, ndipo zimenezo ndi zimene zimamupweteka kwambiri Mahrous. Sitima iliyonse ikaima, maso ake amayamba afufuza zipewa asanaponye nsalu.

Ukwati sunadikire. Dahi, amene pakamwa pake ndi poipa koma mtima ndi wabwino, anakapempha katoni yopanda kanthu ya furiji kwa wasitolo wa kumsika. Anaimata bwino, anaimanga maliboni ofiira, anaiimika pakati pa lole, matiresi ndi mapoto zili m'mbali. Ng'oma zinalira, amayi anatuluka m'makhonde kululutira. "Ya zitseko ziwiri! Mahrous wachita zamphamvu!" Rehab anadziwa, chifukwa mayi ake anamuuza m'mawa, koma anamwetulira njira yonse ngati palibe kanthu.

Tsikulo kunali mphepo yochokera kumtsinje. Anthu anadabwa kuona bambo wa mkwatibwi atasiya malo ake aulemu kutsogolo n'kukwera kumbuyo kwa lole pamodzi ndi katundu. Anayenda choncho mpaka kunyumba ya apongozi, misozi ili m'masaya, atakumbatira katoni ija ndi manja onse awiri kuti ingauluke.